Bala ndi Chipsera: Mmene Thupi Limadzikonzera Lokha

 Phunziro lathu la lero tilikambira ku Chama, m'chigwa cha Luangwa, kwawo kwa Asenga, kumene kumachokera mpunga wonunkhira uja umene anthu amaufunafuna mpaka ku Lusaka.

Tisanapite patali, aliyense ayang'ane manja ndi miyendo yake. Ndikhulupirira kuti palibe amene wasowa chipsera. Wina chake ndi cha khasu, wina cha munga, wina cha mbedza, wina cha phala lotentha limene linamutayikira ali wamng'ono. Chipsera chilichonse ndi umboni wakuti tsiku lina thupi linang'ambika, kenaka linadzilumikiza. Dokotala angathe kusoka bala, koma ulusi wake umangogwirizitsa mbali ziwiri zija kuti zisatalikirane; ntchito yolumikiza ndi ya thupi lenilenilo. Tiyenera kuidziwa bwino ntchitoyi, chifukwa munthu wovulala kwa Chifunda, kwa Chikwa kapena kwa Tembwe ali kutali ndi chipatala cha pa boma, makamaka m'dzinja mitsinje ikadzaza. Pa maola oyambirira, amene amakhala ndi wovulalayo ndi inu, ndipo zimene muchite pa maola amenewo zingathandize thupi kapena kulisokoneza.

Tiyambe ndi zomangira. Monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, thupi limamangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso pokhapokha titayang'ana pa maikulosikopu. Amene anayamba kugwiritsa ntchito dzinali ndi Robert Hooke wa ku England, m'chaka cha 1665, ataona timapanga tambiri m'khungwa la mtengo. M'chaka cha 1839 Theodor Schwann wa ku Germany anasonyeza kuti nazonso nyama zinapangidwa ndi maselo, ndipo m'chaka cha 1855 Rudolf Virchow anatsindika mfundo yakuti selo lililonse limabadwa kuchokera ku selo linzake. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti ndiyo phata la kupola kwa bala: malo owonongeka amatsekedwa ndi maselo amoyo amene atsala pafupi, pogawikana ndi kuchulukana.

Maselo sakhala obalalika. Ofanana amakhala pamodzi ndi kugwira ntchito imodzi, monga bango lolukidwa limasanduka mphasa. Gulu lotere m'Chingerezi amalitchula kuti tissue, mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza chinthu cholukidwa. Dokotala wina wachinyamata wa ku Paris, Xavier Bichat, amene anamwalira m'chaka cha 1802 ali ndi zaka 30 zokha, anawerenga magulu 21 popanda kugwiritsa ntchito maikulosikopu. Masiku ano akatswiri amawaika onse m'mitundu ikuluikulu 4, ndipo yonseyo ili m'dzanja lanu lomwelo.

Sisitani kuseri kwa dzanja lanu. Chimene mwakhudzacho ndi mtundu woyamba, maselo okuta. Iwo amathithikana popanda mpata, ndipo amakuta kunja kwa thupi ndi m'kati momwe: m'kamwa, m'matumbo, m'njira za mpweya. Ntchito yawo ndi ya mpanda, kutsekereza tizilombo toyambitsa matenda ndi kusunga madzi a m'thupi. Tsopano tsinani khungulo ndi kulikoka pang'ono. Latambasuka koma silinang'ambike, chifukwa pansi pake pali mtundu wachiwiri, maselo omanga ndi olumikiza, amene amapota ulusi wolimba wotchedwa kolajeni. M'banja lomweli muli mafupa, chichereŵechereŵe cha kukhutu ndi cha m'mawondo, mafuta, zingwe zomangirira nyama ku fupa, ngakhalenso magazi. Kenaka fumbatani chibakera ndi kugwira mkono wanu. Chimene chalimbacho ndi mtundu wachitatu, minofu, imene luso lake ndi kukoka. Ina timailamula, monga ya m'manja. Ina imagwira ntchito yokha, monga ya m'matumbo ndi ya mtima. Potsiriza, ndani wakuuzani kuti mwadzitsina? Ndi mtundu wachinayi, mitsempha ya mauthenga, imene imachokera ku ubongo, kudzera m'fupa la msana, kukafika kunsonga za zala.

Tsopano tiyerekeze mnyamata wa giredi 7 amene akupalira mpunga kudambo mwezi wa Febuluwale. Khasu laterereka, lamutema pamwamba pa phazi. Tiyeni tilitsatire bala limeneli kuyambira mphindi yoyamba.

Ntchito yoyamba ya thupi ndi kuletsa magazi. Mitsempha yodukayo imafinyika, ndipo tizidutswa ta m'magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pamalopo ndi kumatirirana. Pa nthawi yomweyo m'magazi mumapangika ulusi wosalala kwambiri umene umapingasana ngati ukonde, n'kukola maselo ofiira monga ukonde umakolera nsomba. Patapita mphindi zowerengeka magazi agwirana, ndipo pamwamba pake pakauma ndiye nkhanambo. Apa mukuona chifukwa chake timapanikiza bala ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osatukulatukula. Aliyense wosuzumira kuti aone ngati magazi aleka amang'amba ukonde umene unali kulukidwa.

Ntchito yachiwiri ndi kusesa, ndipo imatenga masiku awiri kapena atatu oyamba. Mitsempha yozungulira bala imatseguka kuti pafike magazi ambiri, ndipo maselo oyera, amene tinazolowera kuwatchula kuti asilikali a m'thupi, amatuluka m'mitsempha kukameza tizilombo, dothi ndi maselo akufa. Zizindikiro za ntchitoyi ndi zinayi, ndipo Mroma wina dzina lake Celsus anazilemba kalekale, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo: kufiira, kutentha, kutupa ndi kupweteka. Pakhungu lakuda ngati lathuli kufiirako sikuoneka msanga. Malowo amangoderapo kapena kunyezimira, choncho kuli bwino kukhudza ndi kuseri kwa dzanja kuti mumve kutentha. Zizindikirozi zikakhala zochepa, n'kumazilala tsiku ndi tsiku, palibe choopsa. Koma zikamakulirakulira tsiku lachitatu litapita, bala n'kuyamba kutuluka mafinya ndi kununkha, mwanabere n'kutupa m'mphechepeche, munthu n'kutentha thupi, dziwani kuti tizilombo tapambana asilikali. Mafinya amenewo ndi mitembo ya maselo oyera yosakanikirana ndi tizilombo. Pamenepo ulendo wa kuchipatala usagonekedwe.

Ntchito yachitatu ndi kumanga, kuyambira cha pa tsiku lachinayi kufikira milungu itatu. Pansi pa bala pamamera mnofu wofiira wa timibulu tonyowa, umene suchedwa kutuluka magazi ukakhudzidwa. Ambiri akauona amaopa, n'kuyamba kuupala kapena kuuthira mankhwala owotcha, chonsecho umenewo ndiwo mnofu wabwino. Ndi wofiira chifukwa mwadzaza timitsempha tatsopano tobweretsa chakudya ndi mpweya wa okosijeni, pamene maselo omanga aja akuyala kolajeni kuti adzaze dzenje. Kuchokera m'mphepete, maselo okuta amakwawa pang'onopang'ono pamwamba pa mnofu watsopanowo kufikira atakumana pakati, ndipo bala lonse limakokana ndi kuchepa. Kuyabwa kumene mumamva masiku amenewa ndi kwa ntchito yomweyi, choncho musakande kapena kusenda nkhanambo.

Makolo athu ankakhulupirira kuti bala liyenera kusiyidwa pamtunda kuti liume ndi mphepo, ndipo kwa zaka zambiri madokotala nawonso ankaganiza chimodzimodzi. M'chaka cha 1962 George Winter wa ku Britain anayesa pa khungu la nkhumba, ndipo anapeza kuti mabala ophimbidwa, amene sanaume, ankamera khungu latsopano mofulumira pafupifupi kawiri kuposa osiyidwa pamtunda. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Maselo okuta amakwawa bwino pamalo achinyezi, koma pakakhala nkhanambo youma amayenera kuboola njira pansi pake. Kumanga bala ndi bandeji yoyera kumaletsanso ntchentche ndi fumbi.

Ntchito yachinayi ndi yaitali kuposa zonse. Khungu likatsekeka mnyamata uja adzati wachira, koma m'kati ulusi wa kolajeni umene unayalidwa mothamanga umamasulidwa ndi kulukidwanso mwadongosolo, kwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Ngakhale ntchitoyi itatha, chipsera sichifika pa kulimba kwa khungu loyamba. Chikalimbitsitsa chimafika pa magawo 80 mwa magawo 100. Sichimera ubweya ndiponso sichituluka thukuta. Mwa anthu ena maselo omanga saleka msanga, ndipo chipsera chimatukumuka n'kupitirira malire a bala, monga timaonera pakhutu lobooledwa kapena pachifuwa potemedwa mphini. Zimenezi zimachitika kawirikawiri mwa anthu a khungu lakuda, ndipo zimayenda m'mabanja. Si ufiti, komanso sizipatsirana; koma wodziwa kuti kwawo zilipo apewe kudzicheka popanda chifukwa, pakuti kudula chotupacho kunyumba kumangochikulitsa.

Taona za khungu. Kodi ziwalo zonse zimadzikonza motere? Iyayi, zimasiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kumatsatira zinthu ziwiri: ngati maselo ake amatha kugawikana, ndiponso ngati malowo amalandira magazi okwanira. Maselo okuta m'matumbo amasinthidwa pa masiku osakwana mlungu umodzi. Khungu lapamwamba limasinthidwa pa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120, ndipo m'mafuta a m'mafupa mumabadwa maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, n'chifukwa chake wopereka magazi kuchipatala sachedwa kubwerera mwakale. Chiwindi nacho n'chodabwitsa, pakuti madokotala atachotsa theka lake, chotsalacho chimakula kufikira chitabwezera msinkhu wake. Koma chichereŵechereŵe cha m'mawondo chilibe mitsempha ya magazi, motero chikaperepeseka sichibwerera; ndiwo mawondo olira aja a agogo athu. Mnofu wa mtima ukafa, pamalopo pamangokhala chipsera chimene sichigunda.

Mitsempha ya mauthenga ili pawiri. Wa m'dzanja kapena m'mwendo ukaduka, madokotala n'kuulumikiza, umameranso pa liwiro la milimita imodzi patsiku, ndiye kuti masentimita atatu pamwezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ya mu ubongo ndi ya m'fupa la msana simeranso ikaduka. Pa chifukwa ichi, munthu wogwa mumtengo kapena pa njinga yamoto amene akudandaula khosi kapena msana asamukhazike tsonga, asamunyamule wina kumiyendo wina kumanja. Agonekedwe pa chitseko kapena thabwa, mutu ndi thupi ziyendere pamodzi osapotoka. Fupa lothyoka la msana likasuntha lingadule mitsempha imene inapulumuka pa ngoziyo.

Fupa lenilenilo ndi lamoyo, lili ndi magazi ake, ndipo ndi limodzi mwa ziwalo zochepa zimene zimatha kupola popanda chipsera. Likathyoka, magazi amaundana pakati pa zidutswa ziwirizo. Pa milungu iwiri kapena itatu pamapangika mfundo yofewa yozungulira malowo, imene pambuyo pake imalowa laimu n'kusanduka fupa. Kwa munthu wamkulu zimatenga milungu 6 mpaka 12, kwa mwana zimafulumira. Zofunika ndi ziwiri: zidutswazo ziyang'anizane bwino, ndiponso zisagwedezeke.

Pali chitsanzo chimene chili m'mbiri ya dziko lathu lino. M'chaka cha 1844, ku Mabotsa m'dziko limene lero ndi South Africa, mkango unagwira David Livingstone n'kumuphwanya fupa la mkono wamanzere pafupi ndi phewa. Iye anali dokotala, koma kumaloko kunalibe chipatala, ndipo fupalo silinalumikizane bwino. Ndi mkono wovutawo anayenda maulendo ake onse, kuphatikizapo pamene anawoloka mtsinje wathu wa Luangwa mu Disembala 1866. Atamwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873, Susi, Chuma ndi anzawo ananyamula mtembo wake wouma kukafika nawo kunyanja yamchere ku Bagamoyo. Utafika ku London m'chaka cha 1874 nkhope inali yosazindikirika, ndipo dokotala William Fergusson anatsimikiza kuti ndi iyeyo poona fupa lomwe lija. Zaka 30 zinali zitapita, fupalo likadasungabe mbiri ya kusamangidwa bwino kwake. Choncho wothyoka mkono kapena mwendo musamukoke, musamutsire mphini. Mangirirani chiwalocho ku nsungwi kapena thabwa lokulungidwa ndi chitenje, osathinitsa, ndipo pitani naye akajambulidwe ndi kuikidwa chikhakha. Chikhakhacho chisachotsedwe tsiku lake lisanakwane, ngakhale ntchito ya kumunda itachuluka chotani.

Mmisiri samanga wopanda zipangizo, thupi nalonso chimodzimodzi. Kolajeni ndi maselo atsopano amapangidwa kuchokera ku zakudya zomanga thupi: nsomba, nyemba, nsawawa, mazira, nkhuku. Nsima kapena mpunga wokha umapatsa mphamvu koma sumanga. Pamafunikanso vitamini C, pakuti popanda iyeyo ulusi wa kolajeni sulimba. Amalinyero a ku Britain amene anayenda ndi George Anson pakati pa 1740 ndi 1744 anakhala miyezi yambiri osalawa chipatso kapena ndiwo zamasamba, ndipo ena mwa iwo zipsera zimene zinapola kalekale zinatsegukanso. M'chaka cha 1747 James Lind anayesa amalinyero 12 odwala matenda omwewo, ndipo amene anachira msanga ndi awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu. Ife a m'chigwa vitamini ameneyu tili naye pakhomo, m'malambe, m'masau, m'magwafa, m'mango ndi m'ndiwo zamasamba zosapsetsa kwambiri. Tidziwenso zimene zimachedwetsa kupola: fodya, amene amafinya mitsempha ya magazi, kuchepa kwa magazi kobwera ndi malungo, matenda a shuga, ndi kachilombo ka HIV kwa munthu amene sakumwa mankhwala ake. Chilonda chimene chatha mwezi osasintha chili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikafufuzidwe kuchipatala.

Nanga pabala pathiridwe chiyani? M'chaka cha 1537 dokotala wa asilikali a ku France, Ambroise Paré, ankathira mafuta owira pa mabala a mfuti monga ankachitira anzake onse. Tsiku lina mafutawo anamuthera, ndipo otsalawo anangowapaka mankhwala ozizira. M'mawa mwake anapeza kuti owotchedwa aja akubuula ndi ululu, mabala atatupa, pamene enawo anali atagona bwino. Kuyambira pamenepo analeka kuwotcha mabala. Phunziro lake lidakalipo: chilichonse chowotcha bala chimaphanso maselo amene akanalitseka. Choncho asidi wa m'batire, mafuta a galimoto ndi mankhwala otsukira mano zisayandikire pachilonda. Dothi, phulusa ndi ndowe n'zoopsa mwa njira ina, chifukwa m'dothi ndi m'ndowe mumakhala kachilombo ka kafumbata, kamene kamakonda bala lakuya ndi lakuda, ndipo matenda ake amaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21, munthu atayamba kale kuiwala za balalo. Amene amathira zimenezi amatero chifukwa cha chikondi, pofuna kuletsa magazi. Ntchito yanu ana a sukulu ndi kuwafotokozera mwaulemu kuti nsalu yoyera ndi dzanja lopanikiza zimaletsa magazi bwino koposa.

Tibwerere kwa mnyamata wathu kudambo. Womuthandiza asambe m'manja ndi sopo, apanikize bala ndi nsalu yoyera, mwendo autukule. Magazi akaleka atsuke ndi madzi ambiri aukhondo, owiritsa ndi kuziziritsa ngati alipo, kufikira matope onse atachoka, kenaka amange. Popeza khasu linali ndi dothi, apite naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo kuti akaone za katemera wa kafumbata ndiponso ngati bala likufunika kusokedwa, pakuti kusoka kumayenda bwino pa maola oyambirira. Wopsa ndi moto kapena madzi otentha athiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, matuza asaboolewe. Wolumidwa ndi galu atsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kuthamangira naye kukalandira katemera wa chiwewe. Ndipo pakakhala ngozi ya ng'ona kapena mvuu, imene ife okhala m'mbali mwa Luangwa timaidziwa, achibale asakhumudwe akaona dokotala watsuka bala n'kulisiya losasoka kwa masiku angapo. M'kamwa mwa nyama zimenezi muli tizilombo tambiri, ndipo kusoka msanga n'kutitsekera m'kati. Dokotalayo akudikira kuti ntchito yosesa ija ithe, kuti yomanga iyambe pamalo oyera.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa mukambirane ndi ana anu mafunso awa. Loyamba: tchulani mitundu inayi ya magulu a maselo, ndipo sonyezani pamene uliwonse ukupezeka m'dzanja lanu. Lachiwiri: mungasiyanitse bwanji kutupa kwa bala limene likupola ndi kutupa kwa bala limene lalowa tizilombo? Lachitatu: n'chifukwa chiyani wothyoka msana amanyamulidwa pa chitseko? Ntchito ya kunyumba ndi iyi: mwana aliyense afunse kholo kapena agogo ake za chipsera chimodzi chimene ali nacho, anavulala ndi chiyani, anathirapo chiyani, chinatenga nthawi yotani kuti chipole. Mukalembe mayankhowo m'makope anu, mudzawayerekeze m'kalasi, ndipo muone nokha kuti ndi mabala ati amene anapola msanga.

Mlungu wamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za magazi ndi ulendo wake m'thupi.